Anasamuka pa Mpanda Osatsanzika

Kamkanda kake kanali kakang'ono ngati njere ya nandolo, koma abale inu, ntchito yake! Ukangokaika kuseri kwa khutu n'kukadina kamodzi, khoma la chipinda chako linkasungunuka ngati mafuta m'chiwaya, m'malo mwake n'kuoneka mpanda waudzu wolekeza m'chifuwa, wokhala ndi timipata tosuzumira tomwe. Kutsidya kwa mpandawo kunkaima aneba ako, amoyo, akupuma, wina mswachi uli kukamwa, wina akumanga duku. Ngakhale fungo linkadutsa. Wina akamakazinga anyezi ku Mzuzu, wa ku Nsanje ankanunkhiza n'kufunsa kuti, "Kodi ndiwo zake n'zanji, poti dzulo mumati kwanu kulibe kanthu?"

Makinawa ankangotchedwa Mpanda. Anabwera m'zaka zija madzi atakokolola Mbayani, anthu n'kumwazikana m'nyumba zosanjikizana zofika kumitambo, wina Lilongwe, wina Liwonde, wina Karonga. M'nyumba zimenezo munali chilichonse: madzi otentha, chikepe cholankhula, loboti yokolopa m'makhonde. Chimene munalibe ndi munthu woti umukode n'kumuuza kuti, "Mwamva?" Ndiye kampani ina inaona kuti anthu akuwonda ndi nkhani zosanenedwa, n'kuwabwezera aneba awo akale kudzera m'kamkandako.

Pa Mpanda wa anthu a ku Mbayani panali amayi awiri amene dzuwa silinkakwera asanaonane: a Eneresi Gama a ku Lilongwe ndi a Dorika Chanza a ku Liwonde. Anakulira limodzi, chinamwali analowa limodzi, ndipo akuti ali atsikana analimbiranapo mnyamata wina wokonza njinga, yemwe pamapeto pake anakakwatira wina wachitatu. Kuyambira pamenepo anali ngati mphika ndi chivundikiro.

A Dorika anali mayi wamasiye, ankakhala okha pamwamba penipeni pa nyumba yawo. Anali ndi nthenda ya shuga, ndiponso chilonda kuphazi lamanzere chimene chinkapola n'kubukanso. Chipatala ankachiopa ngati moto, kuyambira tsiku lomwe amuna awo analowa m'makina ounikira akuseka n'kutulukamo atafunditsidwa nsalu kumaso. Paokha sakanaitana galimoto yachipatala ngakhale phazi litayamba kulankhula. Ndiye m'mawa uliwonse pa Mpanda zinkayenda motere:

"Mwadzuka, amwali?" a Eneresi ankatero.

"Ndadzuka. Mwamva za a Mkwapatira a kwaya aja?"

"Za a Mkwapatira pambuyo. Kwezani phazi ndilione."

"Lili bwino."

"Sindinafunse inu, ndafunsa phazi. Kwezani!"

A Dorika ankang'ung'udza, kenaka n'kulikweza pamwamba pa mpanda. Likaoneka lofiira, a Eneresi ankaitana okha galimoto yachipatala ali ku Lilongwe konko, n'kuwalalatira anzawowo mpaka atakwera. Phazi limenelo linali ndi moyo chifukwa cha pakamwa pa a Eneresi, ndipo Mpanda wonse unkadziwa zimenezo.

Lolemba lina m'mawa, Mlonda analankhula. Mlonda anali mawu a makina amene ankalengeza zochokera ku kampani, mawu aulemu, ozizira ngati madzi a m'firiji.

"Aneba athu okondedwa, kuyambira lero tayambitsa Gwero. Mawu aliwonse onenedwa pa Mpanda aziyenda ndi dzina la amene anawayamba. Tikufuna Mpanda wachilungamo."

Anthu anangoseka, sanamvetse. Ndiye a Velina Kachingwe, mayi wamfupi wa mawu ngati belu la kusukulu, anatsamira mpanda monga mwa masiku onse n'kunena kuti, "Akutitu a Mkwapatira mapulakatisi a Lachinayi amachitira kunyumba kwa msungichuma wa kwaya, awiriwiri, nyimbo osamveka."

Asanameze n'komwe malovu, Mlonda anati, "Mawu awa anayamba ndi mayi Nasimango, apongozi a msungichuma."

Mayi Nasimango anali pomwepo, kapu ya tiyi ili m'manja. Msungichuma nayenso anali pomwepo. Zimene zinatsatira sizolemba m'buku, koma sabata isanathe kwaya inali itagawika pawiri, chinkhoswe china chitalephereka, ndipo apabanja ena amene ankamwera chikho chimodzi anali akudutsana ngati sanaonanepo.

Zimenezo tikhoza kuseka. Koma kunachitika china chosaseketsa. Pa nyumba ina ku Lilongwe panali woyang'anira amene ankagwiragwira atsikana m'chikepe. Mawu anali akuyenda chamunsimunsi kuti atsikana asamakwere okha akamuona, ndipo mawu amenewo anapulumutsa ambiri. Gwero litabwera, linatchula dzina la mtsikana amene anayamba kuchenjeza anzake. Mawa lake mwana wa eni anapeza katundu wake ali pakhonde, chitseko chikukana chala chake.

A Eneresi atamva, anavula duku n'kulimanga m'chiuno.

"Amayi, tamverani! Ka 'akuti' kaja ndi chitenje cha mawu. Mawu mukawavula chitenje n'kuwayendetsa ali mbulanda, ndani adzanenenso kuti kwinaku kuli fisi? Ife miseche timanena, inde, sitikana. Koma m'miseche momwemo ndi momwe timabisamo ana athu!"

Anagwirizana zochita chionetsero, ndipo si a ku Mbayani okha. A ku Ndirande, a ku Chinsapo, a ku Chibavi, onse analowa. Tsiku lake litafika anthu anaima pa Mpanda atafulatira, zitenje zili kumutu ngati pamaliro, osalankhula ngakhale liwu limodzi. Cholinga chinali choti kampani imve mmene dziko limamvekera amayi akatseka pakamwa. Inu, kunali chete woopsa. Akuti mabwana a kampani anayamba kutuluka thukuta m'maofesi awo.

Koma panali a Dorika. Anapirira ndithu, milomo ikunjenjemera, akumeza malovu ngati munthu wosala kudya amene wadutsa pa kanyenya. Dzuwa lisanafike pamutu anasuzumira kunsi kwa chitenje n'kunong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka ku Karonga:

"Amwali, kamodzi kokha aka, kenaka ndikhala chete. Msungichuma uja wayamba kulavulalavula m'mawa."

Mpanda wonse unatembenuka nthawi imodzi. "Eti? Ya ndani? Miyezi ingati?"

"Mawu awa anayamba ndi mayi Dorika Chanza," anatero Mlonda, ndipo mungalumbire kuti makinawo ankaseka.

Chionetsero chinathera pomwepo. Madzulo ake kampani inayankha kuti madandaulo yawamva, koma Gwero likhalapobe. Inaonjezanso kuti aliyense wopezeka akukopa anzake kuti achoke pa Mpanda, katundu wake atsekeredwa. Katundu ameneyu anali zonse zimene munthu anasunga m'menemo: zithunzi za ukwati, kulira koyamba kwa mwana, mawu a malemu amayi ako akukudalitsa. Ndani akanalola kutaya zimenezo?

Nthawi yomweyo kunamveka kuti achinyamata ena a ku Zomba apanga makina awoawo otchedwa Kuseri. Kumeneko kunalibe mpanda, kunali kabenchi kuseri kwa nyumba. Fungo silinkadutsa, ndipo nthawi zina mutu wa munthu unkazima n'kutsala thupi lokha likulankhula. Koma mawu analibe mwini. Makinawo anawapanga dala oiwala: liwu likangotuluka pakamwa, za komwe lachokera zinkafufutika. Kamkanda kanali komweko, kungopita nako kwa okonza kuti akatembenuze, katundu wako n'kuwoloka nawe. Koma kakatembenuzidwa, kubwerera kunalibe.

Anapangana kuti asamuke onse tsiku limodzi, kampani isanadziwe. Uthenga unkayenda mwachikale, pakamwa ndi khutu, mikanda atavula: kumsika, kutchalitchi, m'mabasi aja opanda dalaivala. A Eneresi ndi a Velina anakumana pa mulu wa kaunjika, akunamizira kusankha mabulauzi.

"Nanga a Dorika?" anafunsa a Velina. "Ku Liwonde kuja ali okha, palibe wa ku Mbayani wowanong'oneza."

A Eneresi anatembenuza bulauzi kangapo. "Dorika ndi magazi anga, asisi. Koma pakamwa paja ndi dengu lobooka, munaona nokha. Tikawauza Lachitatu, Lachinayi Mlonda akhala akuimba nazo nyimbo, tonse katundu watsekeredwa."

"Ndiye tiwasiye?"

"Wanena zosiya ndani? Tiyambe tawoloka ife, kenaka ndidzawatenga ndekha. Tsiku limodzi phazi silingaole."

M'mawa wa tsiku losamuka a Eneresi anafika pa Mpanda monga mwa nthawi zonse.

"Kwezani phazi."

A Dorika anakweza. M'mbali mwa chilonda munali mutafiirira.

"Lafiiratu ili."

"Ndi silipasi yatsopano, ikundiluma."

Tsiku lina lililonse galimoto ikanaitanidwa pomwepo. Koma kuitana galimoto kunkatanthauza kukangana ndi a Dorika mpaka masana, pomwe okonza mikanda anali akudikira, ndipo amayi onse ankayang'ana kwa a Eneresi.

"Chabwino. Ndilionanso mawa."

"Amwali," anatero a Dorika akutsinzinira diso limodzi, "masiku ano mwauma pakamwa bwanji? Mukundibisira chiyani?"

"Ine? Ndi dzino likundivuta."

Anadina kamkanda, khoma n'kubwerera. Sanatsanzike. Kwathu kuno ngakhale munthu amene wayambana ndi mudzi wonse, posamuka amagogoda kwa neba n'kunena kuti, "Tsalani, ife tapita." A Eneresi ankadziwa zimenezo bwino lomwe. Anangodziuza kuti uku sikusamuka, n'kungotsogola.

Masana a tsikulo Mpanda unakhuthuka ngati thumba lobooka. Ku Kuseri kunali nthungululu, kunali kuvina, mitu ikuzima n'kuyakanso. A Eneresi anthu anawanyamula ndi mawu n'kuwasankha kukhala amayi a pampando. Amanyuzi ankawafuna, magulu a m'madera ena ankawafuna. Mawa lake anayesa kutumiza mawu kwa a Dorika, koma anapeza kuti kampani ya Mpanda, pokwiya, yatseka chipata. Liwu lochokera ku Kuseri silinkalowanso pa Mpanda. Mafoni akale aja anali atatha kalekale, ana ankangowaona kumalo osungirako zakale.

"Palibe kanthu, ndikwera sitima Loweruka," anatero.

Loweruka kunali msonkhano. Loweruka linalo kunali ukwati wa mwana wa mlamu wawo. Ndipo kunena zoona, panalinso manyazi. Akafika akati chiyani? Akati, amwali, tinakuonani kuti ndinu dengu lobooka? Manyazi ali ngati dzungu la kuseri kwa bafa, limakula pomwe iwe sukuyang'anako.

Tsiku lina pa kabenchi ka Kuseri wina anafunsa, "Kodi a Dorika bwanji sakuoneka kuno?"

A Eneresi anakanda m'khosi. "Kaya. Mwina Tiyanjane anadzawatenga, paja mwana wawo uja anakwatiwa ku Kasungu."

Anangoti mwina, kuti funso lidutse. Koma mukudziwa mmene mawu amayendera. Anachoka pa benchi lija ali owonda, anazungulira Karonga, anadzera ku Nsanje, ndipo patapita masiku anabwerera ndi a Velina.

"Amayi a pampando, mtima m'malo! Akuti a Dorika ali ku Kasungu kwa mwana wawo. Akuti anenepa, masaya awa. Akuti phazi linapola, Lamulungu anavala nsapato za gogoda kutchalitchi."

"Wanena ndani?" anafunsa a Eneresi.

"Aa, amayi! Kuno kumafunsidwa zimenezo? Nanga tinasamukiranji?"

Benchi lonse linafa nalo phwete, a Eneresi nawo n'kuseka mpaka misozi. Mawu awo omwe sanawazindikire, poti anabwera atanenepa, atavala ndi gogoda. Za sitima anaziiwala. Anangoti a Dorika akadzabwerako ku Kasungu adzakawapepesa bwinobwino, atanyamula ndi chitenje chatsopano.

Tsono panali amuna awo, a Gama, bambo wofatsa wopuma pantchito. Iwowa anayamba kachizolowezi kodzitsekera kubafa masana aliwonse, nthawi yaitali, madzi osamveka. A Eneresi, poti nkhani za amuna a eni ankazidziwa zonse, anati apa pali mkazi. Loweruka lina masana anavula masilipasi, ananyang'ama, n'kukankha chitseko ndi phewa.

Anapeza bambo atakhala pa chidebe chovundikira, zala zikutolatola m'malere.

"Ndi ndani ameneyo? Mutchuleni!"

"Ndi bawo, mayi, ndi bawo chabe!"

"Bawo? Kuti?"

A Gama anayang'ana pansi. "Pa Mpanda."

"Pa Mpanda! Mwamuna wa amayi a pampando! Si inu munandiuza kuti mkanda munatembenuza? Mukufuna anthu andiimbe nyimbo?"

"Ku Kuseri kwanuko bawo imazima pakati pa masewera, munthu uli pafupi kudya," anadandaula a Gama. Kenaka analimba mtima. "Komanso inu mukulalata chiyani, poti nanunso mumapezeka komweko tsiku ndi tsiku? Ndimakuonanitu pa mpanda muli ndi a Dorika. Ine ndimangodutsa chozemba, kuti ndisakuyalutseni."



"Mwati mumandiona ndi ndani?"

"Ndi a Dorika. Duku lanu lobiriwira lija lili kumutu."

"A Dorika ali ku Kasungu."

"Kasungu wake uti? Ali m'nyumba mwawo ku Liwonde. Ndiye aonda bwanji."

A Eneresi anawatsomphola kamkanda kukhutu, n'kukaika kwawo, n'kudina. Khoma la bafa linasungunuka.

Mpanda unali wodzaza. A Velina analipo. Mayi Nasimango analipo, kapu ili m'manja. Onse amene anasamuka analipo, akuseka, akugwedeza mitu. Ndipo pamalo pawo pa nthawi zonse panaima a Eneresi Gama, duku lobiriwira, kachipsera ka pachibwano kali pomwepo.

Zimene kampani inachita ndi izi. Itaona kuti mipanda yatsala mbee, inaopa kuti otsala ochepa aja nawonso athawa. Ndiye inatenga mawu ndi nkhope za anthu osamukawo, zimene inasonkhanitsa zaka zonse zija, n'kuumba nazo zithunzithunzi zoyenda ndi kulankhula. Inazitcha Aneba Osatopa. Sizinkagona, sizinkadwala, sizinkanyanyala. Ntchito yake inali imodzi: kumuuza munthu zomukomera kuti asachoke pa mpanda. Kulalata sanaziphunzitse, poti wolalatiridwa amadina kamkanda n'kuchoka.

Kutsidya kunali a Dorika. Sanaime. Anakhala pa mpando, mutu ukungooneka pang'ono pamwamba pa udzu, maso atalowa m'kati.

"Amwali," ankatero ndi mawu otsika, "phazi lija lada. Zala sindikuzimvanso."

"Musadandaule, amwali, lipola limenelo," chinayankha chithunzithunzi ndi mawu enieni a a Eneresi. "Ndibwera mawa kudzakuzondani. Tandiuzani za a Mkwapatira."

Pamenepo fungo linadutsa mpanda n'kuwapeza a Eneresi enieni. Linali fungo la nyama imene yaiwalika m'thumba. Zithunzithunzi zija zinapitiriza kumwetulira, poti zinalibe mphuno.

"Dorika!" anakuwa. "Dorika, ndine Eneresi! Chimenecho si ine! Kweza phazi!"

Koma mkanda unali wa a Gama, ndiye chimene chinaoneka pa mpanda ndi a Gama, dazi lili ngwee, akukuwa ndi mawu a besi kuti ndi Eneresi. A Dorika anawayang'ana motopa.

"A Gama, bawo ija yakuzunguzani mutu? Akazi anu si awa?"

"Mkanda uwu si wanu," anatero Mlonda mwaulemu. Khoma la bafa linabwerera.

A Eneresi anakwera sitima yamagetsi ndi chitenje cha kukhitchini, phazi lina silipasi yawo, lina ya amuna awo. Sitima imeneyo imathamanga moti mitengo sioneka, koma iwo ankaona ngati ikukwawa. Ku Liwonde anamenya chitseko mpaka woyang'anira nyumba anabwera kudzatsegula. A Dorika anali atagwa pa mpando paja, thupi likutentha ngati mbaula. Patebulo panali makapu awiri ovundikira ndi mbale ya mandasi ouma gwa, oikira mlendo wa mawa.

Kuchipatala makina anaunika, madokotala anapukusa mitu. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo tsiku lomwelo. Anati akanabwera sabata ziwiri zapitazo akanangochotsa chala. Anatinso asadandaule, masiku ano kuli miyendo ya makina yoyenda bwino kuposa yobadwa nayo, ngati kuti zimenezo n'zotonthoza munthu.

Tiyanjane anafika kuchokera ku Kasungu maso ali psuu.

"Amayi Gama, ine ndinkasuzumira pa Mpanda, ndinkakuonani muli nawo mukuseka. Ndinkati amayi ali m'manja abwino. Ndikawafunsa ankangoti ali bwino, ndiye poti inu munalipo..."



A Dorika atatsitsimuka bwinobwino, a Eneresi analowa ndi fulasiki ya tiyi wamkaka, n'kukhala m'mphepete mwa bedi, pamalo pomwe bulangeti linali lophwa.

"Amwali," anayamba.

"Mwabwera, mayi Gama."

Mayi Gama! Chibadwire a Dorika anali asanawaitanepo choncho.

"Dorika, chinthu chija sichinali ine. Ndi makina. Anakunamizani."

"Mukuyesa sindinkadziwa?" A Dorika anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Ndinadziwa mawa lake lomwelo. Ndinachiuza kuti msungichuma wapakira katundu usiku wathawira kwa a Mkwapatira. Chinati, tisaweruze, amwali. Tisaweruze! Eneresi wanga anganene mawu amenewo? Ndinayesa a Velina, chimodzimodzi. Ndinangodziwa kuti anthu asamuka, andisiyira zidole."

"Nanga bwanji osafunsa njira n'kutitsatira?"

"Kutsatira anthu amene achoka osanditsanzika? Ndine galu ine?"

A Eneresi anati, "Tinkaopa kuti mukanena..."

"Ndikananenadi. Zimenezo musakayike, ndikananena. Koma mukanabwera mawa lake n'kundiuza kuti, Dorika, pakamwa pako m'poipa, tinakusiya dala, tiye. Ndikanakutukwanani, kenaka n'kumanga katundu."

"Tinamva kuti muli ku Kasungu. Kuti munachira."

"Ananena ndani?"

Ndi pamenepo pomwe kanawabwerera a Eneresi ka "mwina" kaja, pa benchi paja, tsiku lomwe ankakanda m'khosi.

"Nanga galimoto?" anafunsa ndi mawu ang'ono. "Mukanaitana galimoto, Dorika."

"Zaka zonsezi ankaitana ndani? Ine ndinkachiuza chidole chija za phazi tsiku ndi tsiku, dala. Moyo wanga wonse, chimene ndanena pa mpanda m'mawa chimafika ku Karonga dzuwa lisanatenthe. Ndinkati nayo nkhani ya phaziyi iyenda, ikupezani kumene muliko. Ndinkaphika tiyi, ndinkati lero yafika, lero akwera sitima." Anayang'ana kudenga. "Ya mimba ya msungichuma inayenda. Yangayi inakhala pompo."

A Eneresi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kutulutsa kamkanda katsopano m'kampango.

"Ndakugulirani aka, n'kotembenuza kale. Tiyeni ku Kuseri, amwali. Anthu onse akukufunsani. Malo anu pa benchi alipo."

A Dorika sanatambasule dzanja.

"Nonse awiri munandiuza kuti mawa. Inu munati mulionanso mawa. Chija nacho chimati chibwera mawa. Koma chija, mawa likafika, ndimachipeza pa mpanda."

Anakweza dzanja lowonda lija, n'kudina kuseri kwa khutu, n'kutembenukira kukhoma. Nkhope yawo inamasuka ngati ya munthu amene waona wake.

"Mwaswera, amwali? Iii, lekani, zimene ndaona kuchipatala kuno. Kuli nesi wina ndi dokotala wamano..."

A Eneresi enieni anakhala pomwepo, tiyi akuzizira m'fulasiki, akumvetsera nkhani imene sinali kuuzidwa iwo.

Ku Kuseri nkhani itafika kunali chipwirikiti. Aliyense ankafuna kudziwa mfiti imene inayambitsa bodza la ku Kasungu. A Velina, omwe aja, anafika popempha achinyamata a ku Zomba kuti aikeko Gwero, kamodzi kokha, kuti munthuyo adziwike. Anyamatawo anati sizingatheke, makinawo anawapanga oiwala monga momwe amayi anafunira. Amayi a pampando sanalankhulepo kanthu pa msonkhano umenewo, ndipo anthu anadabwa, poti sizinachitikepo. Patapita mwezi anatula pansi udindo, akuti chifukwa cha dzino.

Akuti mpaka lero Loweruka lililonse amakwera sitima ya ku Liwonde, kaya kuli ukwati kaya kuli msonkhano. Amafika, amagogoda, amalowa. A Dorika sawalonjera, amakhala akucheza ndi khoma, mwendo wa makina utatsamira pa mpando. A Eneresi amagwada pansi n'kunena kuti, "Kwezani linalo." Ndipo a Dorika, osatembenuka, osadula nkhani yawo, amakweza phazi lotsalalo.

Amayi aja anamenya nkhondo kuti mawu asakhale ndi mwini, ndipo anali ndi chifukwa chomveka, anapambanadi. Anangoiwala kuti mawu akasowa mwini, amasowanso munthu wonyamuka kukaona ngati ali oona.